Keji Inakana Nambala 2417

Lachiwiri m'mawa, kutatsala masiku anayi kuti gemu ionetsedwe kwa anthu, keji inakana kunyamula bambo ake a Christabel.

Sikuti keji yeniyeni ayi. Yeniyeniyo, chikepe chotsitsira anthu pansi pa mgodi, inaima mu 1994, chaka chimene mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa. Zaka zisanu zinali zitadutsa, zingwe zitachita dzimbiri, ndipo anthu ogula migodi ankangomveka pa wailesi, maso awo osaoneka. Keji imene inakanayi inali ya pa sikirini, kabokosi ka mizere inayi kamene Christabel anajambula yekha pa kompyuta ya ba Oliver.

Ba Oliver anali kalaliki mu ofesi ya mgodi. Ntchito itatha anagula kompyuta imodzi pa okishoni ya katundu wa mu ofesi momwemo, n'kutsegula kashopu m'tauni kotayipira anthu makalata. Makalata ambiri anali ofunsira ntchito, ntchito zoti kunalibe. Wotayipa anali Christabel, mtsikana wa zaka makumi awiri wosachedwa kupsa mtima. Chimene ankaikondera ntchitoyo chinali maola awiri a m'mawa shopu isanatsegulidwe, ndi ola la nkhomaliro, pamene kompyuta inkakhala yake yekha. Chinenero cholembera mapulogalamu cha C++ anachiphunzira m'buku lopanda chikuto limene anagula pamsika, masamba makumi anayi oyamba atapita kale kokulungira mtedza.

Gemu yake anaitcha Shimaini, monga a Kabwe amatchulira munthu wa mgodi. Malamulo ake anali ochepa. Ulowe mu keji, utsike, uswe mwala, ubwerere kumtunda nyali yako isanazime. Chimene chinaisiyanitsa ndi magemu a azungu chinali chakuti anthu ake anali enieni. Ba Oliver anali ndi disiketi yakale ya mayina mazana atatu a ogwira ntchito pa shafuti imodzi, dzenje lotsikira mu mgodi, dzina lililonse lili ndi nambala ndi chilembo chimodzi kumapeto. Anamuuza kuti U ndi wapansi, S ndi wapamtunda. Christabel anapanga mitundu itatu m'pulogalamu yake. Kholo linali Munthu, lokhala ndi dzina ndi nambala basi. Ana ake anali awiri: Wapansi, wokhala ndi nyali ndi chipewa, ndi Wapamtunda, wokhala ndi nambala ya geti lolowera. Gemu ikamayamba inkawerenga mayinawo n'kuumba munthu aliyense motsatira chilembo chake.

Loweruka madala amene ankagwira mu mgodi anali oti abwera ku shopu kudzaiona. Ndipo Christabel anali atalengeza kale kunyumba ku Chililalila, ndi kwa aliyense amene anaima naye pa mpope, kuti munthu woyamba kutsika adzakhala bambo ake, a Saulos Kamwendo, nambala 2417. Bambowo atamva anangoti, "Oo," n'kupitiriza kumwa tiyi.

Ndiye m'mawa wa Lachiwiri uja Christabel analemba 2417, n'kuyendetsa kamunthu kake mpaka pakhomo la keji. Sikirini inauma gwa. Kompyuta inalira kamodzi n'kumutulutsa kunja kwa gemu.

Anayesanso. Chimodzimodzi.

"Ba Oliver, iyi mashini yanu yafuntha," anatero.

Ba Oliver anali akusesa pakhomo. "Yafuntha liti? Dzulo inali chabe bwino."

"Manje yadwala. Mwaiikamo chiyani?"

"Ine? Ine ndimaopa na kuigwira ukachoka."

Christabel anatsegula malo amene keji imalandirira munthu. Pakhomo la keji aliyense ankafika monga Munthu chabe, ndipo keji inkafuna kuona mphamvu ya nyali yake. Koma Munthu alibe nyali, nyali ndi ya Wapansi. Choncho iye anali ataikapo dynamic_cast, lamulo lofunsa kompyuta kuti kodi Munthu uyu m'kati mwake ndi Wapansi? Akakhala Wapansi, kompyuta imamupereka pamodzi ndi nyali yake. Akakhala kuti si iye, imapereka ziro. Christabel anaona cholakwa chake choyamba pomwepo, n'kudziluma mlomo. Sanaike mzere woona ngati yankho labwera ziro. Ankangotambasula dzanja kukatenga nyali kwa munthu amene kompyuta sinamupereke. Anaika mzerewo n'kuyambitsanso gemu.

Tsopano sinaume. Koma a Saulos anangoima pakhomo la keji, chitseko chotseka, osalowa.

Analemba 1186, nambala ya ba January, mnzawo wa bambo ake wa ku Makandanyama. Chitseko chinatseguka, ba January anatsika bwinobwino nyali ili ngwee. Anayesa ena asanu amene ankawadziwa. Onse anatsika.

Makasitomala anayamba kufika, ndipo m'mawa wonse anatayipa makalata mtima uli kwina, mpaka bambo wina anadandaula kuti dzina lake lalembedwa Chongo pamene iye ndi Chungu. Nkhomaliro itakwana sanadye. Anayamba ndi zimene zinamulumapo kale. Anaona ngati chosankha chouza kompyuta kukumbukira mtundu wa chinthu gemu ikamayenda chinali choyatsa. Chinali choyatsa. Anakumbukira za mwezi wa Juni, pamene anakopera anthu onse m'ndandanda wa Munthu, kukoperako n'kuwadula nyali ndi zipewa, onse mazana atatu kusanduka anthu wamba tsiku limodzi. Anapita kukaona ndandandawo. Unali bwino, unkasunga zolozera, osati makope. Ndiponso likanakhala vuto limenelo ba January sakanatsika.

Apa mtima unamukwera. Munthu wagwira mgodi zaka makumi awiri ndi zitatu, atuluke ndi chifuwa ndi wotchi yakufa, ndiye lero kabokosi ka pulasitiki kamukanize keji? Anafufuta dynamic_cast n'kulembapo static_cast. Ameneyu safunsa. Amangouza kompyuta kuti uyu ndi Wapansi, usanditsutse.

Chitseko chinatseguka. A Saulos analowa.

"Ehe!" anatero Christabel, akumenya tebulo.

Keji inatsika. Pakona ya sikirini, pamene pamaoneka mphamvu ya nyali, panatuluka nambala yamisala, yaitali, yokhala ndi kamzere kochotsera kutsogolo. Kunada bii. Kenaka kompyuta inalira n'kuuma, mpaka anachita kuizimitsa pakhoma.

Ba Oliver anaika pansi chikho cha munkoyo. "Wachita chiyani?"

"Ndaikakamiza."

"Ndiye yati bwanji?"

"Yapita kukatenga nyali pamalo palibe nyali. Yatola chabe zinyalala za mu memory."

"So siinanama poyamba paja."

"Ba Oliver, muli kumbali ya ndani?"

"Ine mapulogalamu anu sindiwadziwa, mwana wanga. Koma ku ofesi munthu akakanidwa pa geti sitinali kuthyola geti. Tinali kufunsa kuti wanyamula kadi yotani. Kulibe njira yoifunsira kuti ikuona ndani?"

Njira inalipo. Christabel anabwezeretsa dynamic_cast, n'kuwonjeza mzere wa typeid woti kompyuta ilembe dzina la mtundu wa aliyense wofika pakhomo la keji. Analemba 2417. Pansi pa sikirini panatuluka mawu amodzi: Wapamtunda.

Anatsegula fayilo ya mayina, imene chiyambire sanaiwerengepo mzere ndi mzere, n'kutsetsereka mpaka anapeza.

2417 KAMWENDO SAULOS S

Anapumira m'mwamba, mpaka anaseka. "Ndapeza! Ni imwe ba Oliver. S uyu ni wa Saulos. Munatayipa kawiri, m'malo mwa U. Makalaliki a mgodi, n'chifukwa chake unagwa."

Ba Oliver sanaseke. Anavala magalasi, n'kuyang'ana mzerewo nthawi yaitali kuposa imene mawu anayi amafuna.

"Ndisinthe?" anafunsa Christabel, chala chili pa U.

"Fayilo ni yako. Koma ine sindinalakwitse."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Pita ukafunse batate ako. Lero weruka msanga, makalata awa ndimaliza neka na zala zanga ziwiri."

Christabel anawapeza bambo ake pakhonde dzuwa likadali m'mwamba. Chitsekedwere mgodi a Saulos ankakonzera anthu matochi ndi mabatire a galimoto, ndipo tsikulo anali ndi batire pakati pa miyendo, akuthiramo madzi ndi kabotolo ka mankhwala a m'maso. Iwo anabadwira ku Kabwe komweko, koma Chichewa chawo chinali cha bambo awo amene anachokera ku Ntcheu wapansi kudzafuna ntchito, ndipo sanachisinthe.

"Wafulumira lero. Oliver wakuchotsa?"

"Batate, kompyuta ikukana kuti mulowe mu keji."

"Ili ndi nzeru."

Christabel anakhala pa sitepe. Anali atakonza mawu ambiri m'njira, koma onse anathawa. "Pa dzina lanu pali S."

"Eya."

"S wa surface."

"Ndikumudziwa. Ndinayenda naye pachifuwa zaka zonsezo."

"Nanga nkhani zija? Madzi aja anafika m'chiuno pa levulo ya pansi? Mwala uja unagwa n'kuphwanya ngolo? Munali kutinamiza?"

A Saulos anatseka kabowo ka batire, n'kutsegula kotsatira. "Unandimvapo ndikunena kuti ndinatsika?"

"Kambirimbiri!"

"Ayi. Ndinkati tinatsika."

Christabel anatsegula pakamwa kuti atsutse, koma anayamba kuzibwereza nkhanizo m'mutu imodziimodzi, monga anachitira ndi mizere ya pulogalamu. Tinatsika sikisi koloko. Tinapeza madzi. Tinamutulutsa Petson mwendo utathyoka. Anafufuza ndi mphamvu zake zonse kuti apeze mawu amodzi okha oyamba ndi ndina- m'malo mwa tina-, ndipo sanawapeze.

"Koma munadziwa kuti tikumva bwanji," anatero Christabel. "Munadziwa."

"Ndinadziwa." Anapukuta manja pa kansanza. "Kutsika ndinatsikako, masiku atatu, mu 1971. Keji ija ikamasuka, mwana wanga, mimba imatsala kumtunda. Anzanga ankaseka, kusuta, ena kugona chiimire. Ine tsiku loyamba ndinasanzira kapitawo pa jombo. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu miyendo inakana kutuluka mu keji, anachita kundinyamula ngati thumba. Agogo ako anakandipemphera malo ku nyumba ya nyali, kenaka anakhala mwezi wathunthu osandiyankhula. Iwo anali munthu wa pansi weniweni."

"Nyumba ya nyali?"

"Kumene anthu ankatengera nyali potsika ndi kubweza potuluka. Nyali mazana anayi. Kuzitchaja, kuzithira madzi, kusintha mababu. Munthu akabwera pawindo amandipatsa kachitsulo ka nambala yake, ine ndimamupatsa nyali, kachitsulo ndimakoleka pa msomali. Akatuluka timasinthananso. Shifiti ikatha ndimayang'ana misomali. Kachitsulo kakatsala, ndiye kuti pansi patsala munthu, ndipo ine sindipita kunyumba. Nkhani zonse zija ndinazimvera pawindo, anthu akadali ndi matope kumaso. Ukazimva tsiku ndi tsiku zaka makumi awiri, pakamwa pamazolowera kunena kuti ife."

Panadutsa mayi wogulitsa makala, napereka moni. Onse awiri anayankha.

Mkwiyo wa Christabel unali usanathe, koma unasowa pogwera. Unachoka pa bambo ake, unapita kwa agogo amene iye sanawaonepo, unapita kwa amene anaganiza zogawa anthu ndi zilembo ziwiri, kenaka unabwerera kwa iye mwini, amene anatenga zilembo zomwezo n'kumangapo gemu yonse osafunsa munthu.

"Ndikhoza kusintha," anatero. "Ni chilembo chimodzi chabe. Ndiika U, mutsika, palibe azadziwa."

A Saulos anaseka mpaka kutsokomola. "Palibe adzadziwe? Loweruka kukubwera ndani? Onse aja ndinkawapatsa nyali ndi dzanja ili. January akadzandiona ndikutsika mu keji adzaseka mpaka mano ake atatu atsalawo agwe. M'tauni muno amene sankadziwa ndi iwe ndi azing'ono ako basi."

"Ndiye ndikuchotsenimo?"

"Gemu ndi yako."

Anali munthu wachiwiri kumuuza zimenezo tsiku limodzi, ndipo zinamunyansa. Anayang'ana batire lija.

"Batate, munthu akafika pa keji alibe nyali, anali kuchita bwanji?"

"Kubwerera. Ngakhale mzungu. Ngakhale manejala."

"Anali kumufunsa ngati ni wa U kapena wa S?"

"Wa pa keji analibe nthawi imeneyo. Ankayang'ana pachipumi. Nyali ilipo, lowa. Palibe, choka."

Christabel anaimirira n'kulowa m'nyumba kukafuna pepala.

Lachitatu ndi Lachinayi anagwetsa zimene anamanga miyezi itatu. Nyali anaichotsa mwa Wapansi n'kuipanga chinthu pachokha, choti Munthu aliyense akhoza kupatsidwa kapena kulandidwa. Pakhomo la keji anafufutapo dynamic_cast yense. Keji inasiya kufunsa mtundu wa munthu, inkangofunsa ngati wanyamula nyali yoyaka. Kenaka anapanga mtundu watsopano, mwana wa Wapamtunda, n'kuutcha Wanyali, ndipo anajambula kanyumba ka windo limodzi pambali pa shafuti, kokhala ndi mizere ya misomali. Zinthu zinathyoka m'malo asanu ndi awiri amene ankadalira kuti nyali ili mwa Wapansi, ndipo anawakonza amodziamodzi, akutukwana pang'onopang'ono kuti makasitomala asamve. Lachisanu anagawa kiyibodi pawiri. Mabatani a mivi anakhala a wotsika. Kumanzere anasiya awiri okha a munthu wa pawindo, lina lopereka nyali, lina lokana.

"Manje yakhala ya anthu awiri," anatero ba Oliver, akusuzumira.

"Inali ya anthu awiri kuyambira kale. Ine ndiye sindinali kudziwa."

"Batate ako avomera?"

"Sindinawafunse. Akakana muzakhalapo ndimwe."

"Awe, ine ndine wa S wamba. Windo ija ili na mwini wake."

Loweruka masana kunabwera madala khumi ndi mmodzi, ena atavala majekete a tchalitchi. Shopu inali yaing'ono, moti anayi anaonerera ali panja, mitu ili pawindo. A Saulos anafika pomalizira n'kuima kumbuyo, chipewa chili m'manja. Christabel anayatsa gemu, ndipo mayina atayamba kuyenda pa sikirini phokoso linabuka, aliyense akufuna lake, ena akutchula a anzawo amene anamwalira.

"Ndani ayambe?" anafunsa Christabel.

"Ine, kaili," anatero ba January, mdala wamfupi wa mawu aakulu, akudzikankhira kutsogolo. "Koma iwe mwana unati woyamba kutsika ni Saulos. Tabwera kudzaona chozizwitsa. Tabweretsa na ndowa yosanziramo."

Madala anaseka. Yankho loipa linamufika kale Christabel pa lilime. Anayang'ana bambo ake. Iwo ankaseka nawo, koma maso ali pansi.

"Khalani apa ba January," anatero Christabel. "Nambala?"

"Wani wani eyiti sikisi. Ungandidzutse pakati pa tulo ndizakuuza."

Anawaonetsa mabatani a mivi. Ba January anayendetsa kamunthu kawo mokhotakhota, kugunda khoma kawiri, mpaka kufika pa keji. Chitseko sichinatseguke. Anadinanso mwamphamvu.

"Yafa iyi."

"Siinafe. Muli na chiyani pachipumi?"

Ba January anayang'anitsitsa sikirini. Mdala wina wa panja ndiye anayamba kuona kanyumba kaja. "Iwe January, wapita ku keji wopanda lampu! Zaka zonse zija sunaphunzire?"

"Aa! Na lamp room iliko?"

Christabel anakoka mpando wachiwiri n'kuuika kumanzere kwa kiyibodi. Anayang'ana kumbuyo, kwa bambo ake. Madala anapatuka okha. A Saulos anazengereza pang'ono, kenaka anapatsa ba Oliver chipewa, n'kudzakhala. Mwana wawo anawagwira chala n'kuchiika pa batani.

"Ili ni lopereka. Ili ni lokana."

Ba January anabweza kamunthu kawo mpaka pawindo. "Saulos, lampu."

A Saulos anaweramira kwa mnzawoyo, n'kununkhiza kamodzi. Anadina batani lokana.

"Iwe! Wachita chiyani?"

"Wamwa."

"Kamodzi chabe, ka pa njira!"

"Ukafotokozere kapitawo. Wotsatira."

Shopu yonse inagwa ndi kuseka, a panja akumenya mafelemu a windo. Ba January anatembenukira kwa Christabel manja ali m'mwamba. "Mwana, uza batate ako. Ni gemu chabe iyi. Kompyuta siimva fungo."

"Siimva," anatero Christabel. "N'chifukwa chake pali munthu."

"Wotsatira," anabwerezanso a Saulos, osakweza mawu.

Mdala wamtali wa jekete yabuluu anayamba kudzipanikiza kuti adutse. Asanatsegule pakamwa kutchula nambala yake, a Saulos anali atamuuza kale Christabel kuti alembe 0932.